Phula la Kunsi kwa Galimoto ya Yayra

Ndinkachapa yunifolomu ya mdzukulu wanga Esinam kuseri kwa nyumba pamene Daavi Mansa, mnzanga woyandikana naye khomo, anasuzumira pampanda n'kundiuza kuti galimoto yafika. Anali akuchokera kumsewu kumene amagulitsa abolo, timikate ta chimanga tophika pa nthunzi, lichero likadali pamutu. Anati waiona ndi maso ake, yoyera, yaitali, mwana wanga Setor ali pachiwongolero ngati nduna, koma sinakhotere kuno. Yapitirira mpaka kwa Masta Atsu, makaniko wa kuseri kwa msika.

Sindinafunse chifukwa chake. Kuno ku Anloga mphepo ya kunyanja imadya chitsulo chilichonse: malata, maloko, ngakhale singano ukaiiwala pawindo. Amuna anga, Efo Gameli, anayendetsa malole a mchere kuyambira unyamata wawo mpaka mawondo atawakana, ndipo anali ataneneratu kuti galimoto imeneyi sidzagona pakhomo pano kunsi kwake kusanapakidwe choiteteza ku dzimbiri.

Galimotoyo inachokera kwa mwana wathu wamkazi, Yayra, amene ali ku Canada. Amasambitsa ndi kudyetsa okalamba a eni ake kumeneko. Anachoka Esinam akuyamwa chala, n'kutisiyira kuti timlere. Chimene chinkamusowetsa mtendere Yayra ndi njinga zamoto zimene mwana wakeyo ankakwera popita kusukulu. Ndiye anadzimana zambiri n'kugula galimoto yogwirapo kale ntchito, kuti mlongo wake Setor azinyamulira anthu, koma m'mawa uliwonse aziyamba watula Esinam pageti la sukulu.

Daavi Mansa anatula lichero n'kundikankha pabeseni, ati ndizipita, atsiriza yekha kuchapako. Anandikulungira abolo awiri m'tsamba kuti ndikapatse Setor, poti kuchokera kudoko la Tema ayenera kuti sanalawe kanthu. Ndinatsukuluza thovu m'manja n'kunyamuka.

Ndinapeza galimotoyo itaimikidwa pamwamba pa dzenje lija amatsikiramo amakaniko, Efo atafika kale. Masta Atsu atandiona anaseka, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzaona mkwatibwi. Anandilozera mpando wakale wa minibasi umene unali pansi, pafupi ndi pakamwa pa dzenjelo, n'kuupukuta kaye ndi chipewa chake. Ndinakhala pamenepo, ndipo poti mpandowo unali wamfupi, ndinkaona kunsi konse kwa galimoto. Kunali kwakuda bii, kosalala, kowala.

"Mkwatibwi wanu wabwera atadzola kale, Efo," anatero Masta Atsu. "Ndipo wadzola dzulodzuloli. Fungo likumvekabe."

Setor anati ngati ndi choncho palibe chovuta, angopita kotsukitsa magalimoto akamupoperere oyilo wakutha wosakaniza ndi dizilo monga amachitira anzake onse. Masta Atsu anamuuza kuti akafuna kuti mapaipi a labala afewe ngati therere apite, koma asadzanene kuti anadutsa pagalaja pake. Kenaka anatulutsa zitini ziwiri. M'chimodzi munali phula lakuda lolemera, limene likauma limakhala ngati chikopa. M'chinacho munali mafuta opyapyala a mtundu wa uchi, amene amalowerera m'ming'alu ndipo sauma, koma amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Anati mafutawo ndi amene iye amawakhulupirira kuno kumchere, chifukwa chitsulo chimaonekabe, dzimbiri likayamba umaliona. Koma kuti awapake, ayenera kuyamba wapala phula lonse limene galimoto yabwera nalo. Anawonjeza kuti magalimoto ochokera kumayiko ozizira amayenda pamisewu yothiridwa mchere, choncho munthu sudziwa chimene upeze ukapala.

Efo anati atsika okha akaone. Setor anawagwira mkono pamakwerero, iwo n'kumukana. Atafika pansi anayamba kutsogolo, kugogoda ndi nkhonya apa ndi apo, mutu atapendeketsa ngati munthu wosankha chivwende. Masta Atsu ndi Setor anali atazungulira kutsogolo kukatsegula injini. Ndinatsala ndekha ndikuyang'ana.

Atafika kumbuyo, pafupi ndi tayala lakumanzere, pamene chitsulo chogwira tayala chimalumikizana ndi thupi la galimoto, anagogoda, n'kuima. Anagogodanso. Kenaka anakanikiza ndi chala chachikulu, ndipo chalacho chinalowa monga chimalowera m'papaya lakupsa. Anachizula msangamsanga. Anayang'ana kumene kunali anyamata aja, n'kusalaza phula pamalopo ndi chikhatho mpaka chibowo chinatsekeka. Ine sanandiyang'ane. Mwina anaiwala kuti ndili pamenepo; ndine munthu wosavuta kumuiwala.

Nthawi yomweyo foni ya Setor inalira. Anali Yayra, pa kanema. Kwawoko kunali kusanache bwino, ndipo anali atavala kale malaya a kuntchito, maso ali otupa. Setor anazungulira galimoto yonse akumuonetsa, ndipo Yayra ankangofunsa ngati ili bwino, ngati sanaiphwanye m'sitima, ngati ababa aikonda. Anatiuza kuti bambo amene anamugulitsa anali wokoma mtima, mpaka anaipaka phula kunsi mwaulere atamva kuti ikupita kufupi ndi nyanja. Efo anali atatuluka m'dzenje. Anatenga foni n'kumuuza kuti wagula bwino, Mulungu amudalitse. Yayra anaphimba kumaso ndi dzanja.

Foni itaduka, Masta Atsu anafunsa kuti tsono apake chiti.

"Phula," anatero Efo. "Pamwamba pa lomwe lilipoli. Osapala."

Masta Atsu anawakumbutsa kuti phula likaikidwa pa chitsulo chodwala limatsekera chinyezi m'kati, dzimbiri n'kumadya mobisa. Efo anamufunsa ngati anabadwa kale pamene iwo ankayamba kukwawa kunsi kwa malole. Masta Atsu anakweza manja, ati galimoto ndi yanu, mkulu salakwa, n'kutsegula chitini. Ndinampatsa Setor abolo ake. Pamene makina opopera anayamba kulira ndinatseka maso n'kunena Atate Wathu chamumtima, koma ndinkangobwereza mzere umodzimodzi osafika kumapeto.

Lamulungu abusa anaipempherera panja pa tchalitchi, amayi a kwaya akuimba moizungulira. Esinam anakhala kumpando wakumbuyo, mbali ya kumanzere, n'kulengeza kuti amenewo ndi malo ake, wina aliyense asakhalepo. Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana tayala limene linali pansi pakepo.

Titadya masana, Setor atatuluka ndi mwana, ndinawauza Efo kuti ndinaona chala chawo. Ndinangonena zomwezo basi. Anapitiriza kutokosa m'mano. Kenaka anandifunsa ngati ndikufuna kuti amuimbire Yayra, amuuze kuti zaka zonse wakhala akupukuta nkhalamba m'chisanu zija wagula nazo dengu. Anati mwana ameneyu ali yekha kumeneko, alibe womugwira akagwa. Anati iwo amadziwa chitsulo: malowo apirira miyezi ingapo ngati galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, yopepuka, m'tauni muno mokha. Akakolola anyezi adzaitengera mwakachetechete kwa wowotcherera wa ku Keta, ndipo palibe adzadziwe. Ndinafunsa ngati sikungakhale bwino kumuuzako Setor yekha. Anati Setor ndi mlongo wake amauzana ngakhale maloto, silingathe tsiku Yayra asanamve.

Ndiye anamuikira Setor malamulo, osamuuza chifukwa: kusukulu, kumsika, kutchalitchi, basi, asanyamule matumba, asatuluke m'tauni kufikira galimoto itazolowera misewu ya kuno. Setor anaseka, ati kodi galimoto ndi mbuzi kuti izolowere khola, koma anavomera.

Masiku otsatirawo ndinkaima pageti m'mawa uliwonse mpaka galimoto itakhota, ndipo sindinkatha kugwira ntchito kufikira nditamva kuti yabwerera. Ndinayesa kumunyengerera Esinam kuti azikhala kutsogolo ndi amalume ake, anakana. Ndinkamva chilichonse: tayala likagunda mwala, chitseko chikamenyetsedwa. Daavi Mansa anazindikira kuti sindikudya bwino. Anayamba kumabwera ndi msuzi wa nsomba, ati waphika wambiri mwangozi.

Loweruka lina m'mawa ndinapita kukaona mayi wina wa m'mpingo amene ankadwala. Pobwera ndinapeza pansi pa mtengo wa mango, pamene galimoto imaima, pali mbee. Daavi Mansa anandiuza mosangalala kuti Yayra anaimba foni, wapempha Setor kuti apite ndi mwana ku Sogakope akamugulire nsapato, akamujambulenso pamlatho ali m'galimoto ya amayi ake. Setor anati sangamukanire mlongo wake chinthu chaching'ono chotere, ababa adzawafotokozera pobwera. Ndipo poti dalaivala sayenda wopanda kanthu, pamsewu anatenga amayi ena amalonda ndi matumba awo a anyezi.

Ndinapita pamene imaima paja. Pamchenga panali timapale tofiirira, topyapyala ngati nkhoko za pansi pa mphika, ndi chibanthu chimodzi cha phula chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Nditachitembenuza, m'kati mwake munali mutamatirira dzimbiri lonyowa. Ndinazimanga pansonga ya nsalu yanga n'kuyamba kuyenda kupita kudimba. Daavi Mansa anandiitana kumbuyo, sindinacheuke.

Efo anali akuthirira anyezi. Ndinamasula nsalu n'kuwakhuthulira m'dzanja. Anayang'ana, n'kundifunsa kuti galimoto ili kuti. Nditawauza, chitini chothirira chinagwera pabedi la anyezi, madzi n'kukumba dothi.

Anaimba foni ya Setor. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, n'kuimbanso. Tonse tinkadziwa chifukwa chake sankayankha: ndi iwo amene anamulumbiritsa kuti asadzagwire foni ali pachiwongolero, ngakhale akuimba ndi mfumu.

Tinakwera minibasi yopita ku Dabala, njira ya ku Sogakope, Efo ali ndi matope m'miyendo. Bambo wina atationa nkhope anandisiyira mpando wa pawindo. Minibasiyo inkaima paliponse. Inaima kuti akweze madengu a nsomba zouma, inaima kuti mayi wina athamangire chenji kukagolosale, inaimanso kudikira munthu amene ankabwera chapatali akukupiza dzanja. Efo, amene moyo wawo wonse akhala akukalipira madalaivala othamanga, anamuuza dalaivala kuti aponde.

"Agogo, kumanda sikutsekedwa," anatero kondakitala. "Mukafika mupeza malo."

Anthu anaseka. Foni inali m'manja mwa Efo, ndipo chala chawo chinkangobwerera pa dzina la Setor.

Msewu umenewu uli ndi zitunda zochepetsera liwiro pamudzi uliwonse. Minibasi ikakwera chitunda n'kutsika, ndinkaona m'maganizo tayala lija, matumba a anyezi ali pamwamba pake, ndi Esinam pamalo ake. Ndinkafuna kupemphera koma mawu anandithawa. Ndinangotsala ndi dzina la mwanayo, ndiye ndinkalitchula lomwelo kwa Mulungu. Mayi amene ndinayandikana naye anang'amba kona ya kathumba ka madzi ndi mano n'kundipatsa. Ndinamwa pang'ono, otsalawo anandithera m'manja.

Titadutsa dambo la mabango tinaona khamu la anthu kutsogolo, m'mbali mwa msewu. Efo anadzuka mpaka mutu kugunda denga. Titayandikira tinapeza kuti ndi maliro: matenti, mipando, anthu ovala zofiira ndi zakuda. Ndinathokoza Mulungu, kenaka ndinachita manyazi kuti ndathokoza pa maliro a eni ake.

Sitinayende mtunda wautali kuchokera pamenepo. Pamudzi wotsatira, kungodutsa chitunda, dalaivala wathu anachepetsa liwiro yekha, n'kuyamba kuimba mluzu wapansipansi. Anyezi anali mbwee pamsewu. Galimoto yoyera inali kunja kwa msewu, mphuno italoza m'ngalande, kumbuyo kutakhala pansi mbali imodzi. Tayala lakumanzere linali litapindikira m'kati ngati mwendo wothyoka wa mbuzi.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira. Ndinafika pawindo lakumbuyo n'kusuzumira. Pampando panalibe munthu, panali nsapato imodzi yokha, yakale ija. Ndinagwira chitseko.

Wina anandikhudza paphewa n'kundilozera kutsidya kwa msewu. Pansi pa kashedi kogulitsirapo nthochi zootcha panakhala mayi wonenepa amene sindinamuonepo chibadwire, ndipo pamiyendo pake panali Esinam. Mayiyo anali atamuika kansalu konyowa pamphumi, dzanja lina akutembenuza nthochi pamoto. Mwanayo anali ndi chotupa chachikulu pamwamba pa diso, mlomo utang'ambika pang'ono. Atandiona sanalire. Anandiuza kuti galimoto ya amayi yakhala pansi. Ndinamugwira manja, miyendo, nthiti, mutu, ndikuwerenga chiwalo chilichonse monga ndinachitira tsiku limene anabadwa. Mayi uja anati ndisaope, wamuyendetsa kale, akuyenda bwinobwino, wadyanso nthochi ziwiri. Ndinamuthokoza. Iye anangogwedeza mutu n'kundisunthira benchi ndi phazi.

Kutsidya kunali phokoso. Mmodzi mwa amayi amalonda aja anali atakhala pathumba, mkono atautsamiritsa pachifuwa, wina akumumangirira ndi mpango. Ululu sunamutseke pakamwa. Ankamunena Setor kuti laisensi anaitola m'chimbudzi, kuti ana a masiku ano akangogwira chiwongolero amaona ngati akwera ndege. Abambo a pamudzipo anali atamuzungulira Setor, aliyense ndi chiweruzo chake: wina ati anathamanga, wina ati anadzaza kwambiri, wina ati galimoto yatsopano chonchi, kunsi kowala chonchi, singathyoke yokha, pokhapokha ili m'manja mwa chitsiru. Mnyamata wanga anangoima, malaya atanyowa ndi thukuta.

Ndinanyamula Esinam n'kuwoloka. Anthu anapatuka atamva kuti bambo ake a dalaivala afika. Efo ankayenda pang'onopang'ono, maso ali patayala lija. Pamene chitsulo chinazukapo panali chibowo, m'mphepete mwake mukuyoyoka zofiirira, phula likulendewera ngati chikopa chosendeka. Munthu wodziwa akanaona, koma kunsiko kunali mthunzi ndipo aliyense ankayang'ana Setor.

Setor atawaona bambo ake anagwada pamiyala pomwepo, dzanja lina pamwamba pa linzake. Anati anamuletsa ndipo sanamvere. Anati chitundacho anachikwera pang'onopang'ono, akulumbira, koma ayenera kuti analakwitsa penapake, chifukwa anangomva kuphulika kumbuyo galimoto n'kuyamba kukokera kumbali. Anati waswa thukuta la mlongo wake, wavulaza mayi wa eni ake, akanapha mwana. Mawu ake anatha pamene anafunsa kuti Yayra amuuza bwanji.

Abambo aja anayamba kufewa. Wina anati mwana wavomera kulakwa, mkulu amukhululukire. Wina anati chachikulu ndi moyo, chitsulo chimagulidwa. Njira inali yotseguka. Efo akanangomugwira paphewa n'kumudzutsa, ndipo anthu onse akanawatama kuti ndi bambo woleza mtima. Setor akanasenza nkhaniyi mpaka ukalamba wake, Yayra n'kumadziwa kuti anagula bwino koma mlongo wake ndiye anawononga.

Efo anandiyang'ana. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokere kugalaja kuja. Esinam anali atatsamira pakhosi panga, mpweya wake ukunditentha.

Efo anagwira chitseko cha galimoto kuti chiwathandize, n'kuyamba kutsikira pansi. Mawondo awo sapinda bwino, ndiye zinatenga nthawi, ndipo bambo wina anathamangira kuti awagwire poganiza kuti akukomoka. Anamukana. Anagwada moyang'anana ndi mwana wawo, matope a kudimba akadali m'miyendo, ndipo ngakhale mayi wa mkono uja analeka kutukwana.

"Si iwe, Setor," anatero, mokweza kuti aliyense amve. "Chitsulocho chinali chowola isanafike m'manja mwako. Ndinachigwira ndi chala changachi kwa Atsu, ndinadziwa, ndipo ndinauza munthu kuti akwirirepo phula. Ndinkaopa misozi ya mlongo wako, ndiye ndinakuika iwe ndi mwana wake pamwamba pa chibowo. Mayi inu, mkono wanuwo ndathyola ndine. Mwana wanga, usandigwadire. Ndikhululukire."